Mazira a Bakha wa Bambo

Mpaka lero, ndikamva fungo la madeya onyowa amene akhalitsa padzuwa, ndimaona kuseri kwa nyumba yathu ku Chifunga, chaka chimene ndinali mu Sitandade 4. Chilimwe chimenecho kunatentha koopsa. Mbuzi zinkaswera pansi pa nkhokwe, ndipo dothi linkaotcha mapazi ngakhale pochokera kumjigo m'mawa.

Bambo anali atangobwerera kumudzi kuchokera ku Limbe, kumene ntchito yawo yoyendetsa makina inatha. Anali munthu wa wotchi ndi nsapato zopolisha, ndipo khasu silinkawakhala m'manja. Anayamba ndi nkhuku, koma chitopa chinasesa khola lonse sabata imodzi. Anayesa tomato, mbuzi za eni zinamaliza. Kenaka msuweni wawo anayamba kuimba foni kuchokera ku Joni, kuti malo a ntchito alipo. Chikwama chabuluu chinatsitsidwa pamwamba pa kabati n'kupukutidwa fumbi. Anzanga awiri kusukulu anali ndi abambo ku Joni, ndipo ankangowaonera pa zithunzi za m'foni. Chikwama chimenecho ndinkadana nacho ndi mtima wanga wonse.

Tsiku lina bambo anafika pa njinga ndi abakha awiri m'dengu. Anawagula kwa a Saidi, a golosale ya pamsika, amene anawauza kuti abakha chitopa sichiwagwetsa msanga. Wamphongo anali wakuda, wa nkhope yofiira yamatuza, wosalira koma kungopuma mwaphokoso ngati munthu wokwera chitunda. Wamkazi anali woyera ndi wofatsa. Amayi anawayang'ana n'kuseka.

"Mwatibweretsera alendo odzatiipitsira pakhonde, eti?"

"Awa ndi omaliza," anatero bambo. "Akakanika awa, basi, ndinyamuka."

Ine ndinkatsuka mbale pafupi, ndipo mawu amenewo ndinawamva onse. Kuyambira tsikulo abakha aja ndinkawasamala kuposa mdzukulu wa mfumu. Bambo anadula tayala lakale pakati kuti likhale mosambiramo, ndipo ine ndinkalidzaza madzi ndisanapite kusukulu. Tinkawakandira madeya ndi masamba a mbatata, Loweruka n'kuwafukulira chiswe. Amayi sananame za pakhonde. Ankasesa katatu pa tsiku akung'ung'udza, komabe madzi otsukira mpunga sankawataya, ankawasungira abakha omwewo.

Wamkazi uja anaikira mazira khumi ndi awiri pakona ya khola, aakulu ndi osalala ngati opakidwa mafuta. Mkamwa mwanga munkadzaza malovu, koma bambo analetsa kukazinga ngakhale limodzi. Bakhayo anadzithothola nthenga za pachifuwa, n'kuyala, n'kukhalira. Bambo anatenga khala n'kulemba kamzere pakhoma la khola, ndipo m'mawa uliwonse ankaonjezera kena. Ankawerenga monga mmene aliyense kwathu ankawerengera nkhuku ikakhalira: masabata atatu, anapiye aswa.

Mizere inakwana makumi awiri ndi umodzi. Ndinathamanga kuchokera kusukulu, koma m'khola munali zii. Linapita tsiku lina, ndi linanso, mpaka sabata yathunthu. Bakha anaonda, nthenga zinada ndi fumbi, koma sanachoke pamazira. Amayi anati mwina aola ndi kutenthaku. Anzawo a bambo podutsa ankafunsa moseka ngati abakha a ku Limbe amaswa ndi kalata ya boma. Bambo ankaseka nawo, koma ndinawaona akuyanika chikwama chija padzuwa.

Masana ena, bakha atatuluka kukamwa madzi, bambo analowa m'khola n'kutenga dzira limodzi. Analigwedeza pafupi ndi khutu, osamva kanthu. Kenaka analimenyetsa pamwala, atatembenuzira nkhope kumbali poopa fungo. Fungo silinatuluke. Munali kamwana, konyowa, ka mlomo ndi timapazi tonse, ndipo kanatambasula mwendo kamodzi. Bambo anakanyamula m'manja mwawo mpaka kanaleka kugwedezeka. Anakhala pansi pafumbi ndi thalauza lawo losita lija, ndipo aka kanali koyamba kuona misozi ya bambo anga.

"Ndapha ndekha," anatero, osandiyang'ana.

Masabata onsewo sanapite kukafunsa a Saidi. Munthu wochokera m'tauni, wodziwa makina, kukafunsa za dzira kunkawachititsa manyazi. Koma tsiku limenelo anakwera njinga dzuwa lili pamutu. Anabwerako thukuta lili kamukamu, nandipeza ndikukwirira kamwana kaja pansi pa mtengo wa masau.

"Masabata asanu, mwanangu," anatero. "Bakha si nkhuku. A Saidi andiseka mpaka kugwira m'mimba."

Masiku otsalawo ndinkayenda monyang'ama pafupi ndi khola, kuopa ngakhale kutsokomola. M'mawa wa mzere wa makumi atatu ndi asanu, ndikuthira madzi m'tayala, ndinamva timawu tating'ono. Pansi pa phiko la mayi wawo panasuzumira kamutu kachikasu, kenaka kena kamadontho akuda. Pa mazira khumi ndi limodzi otsala, anaswa asanu ndi anayi. Bambo anawawerenga katatu ndi chala. Amayi analowa m'nyumba, anakwera pampando, n'kubweza chikwama chabuluu pamwamba pa kabati.

Bambo sanapite ku Joni. Pofika Khirisimasi ya chaka chotsatira tinkadya mazira a abakha ndi tiyi, ndipo anthu ankachokera ku Matope kudzagula amphongo a ndiwo. Aliyense wogula wamkazi, bambo ankamuperekeza mpaka pamsewu akumuuza za masabata asanu.

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti abakha asanu ndi anayi aja ndi amene anandisungira bambo, ndipo ndinkawathokoza ndi chiswe. Pano ndili ndi ana anga, ndipo ndikudziwa kuti tiana ta bakha tisanu ndi tinayi sitingadyetse banja. Njala inalipobe chaka chimenecho, ndipo msuweni uja sanasiye kuimba foni. Bambo sankafuna kutisiya ayi. Ankangofuna chinthu chimodzi chokha chimene chingachite bwino m'manja mwawo, kuti akhale pakhomo osachita manyazi.