Sofa yobwereka ya Mai Petronela

Mai Petronela a ku Chilomoni sangalole mlendo kukhala pa chidebe. Anachoka ku Nsanje ali mtsikana, ndipo moyo wawo wonse wathera pogulitsa makala. Amuna awo, a Rafaeli, anafa ziwalo ndi sitiroko, ndipo amagona tsiku lonse pafupi ndi khoma lomwe mvula inang'amba mpaka dzanja kumalowa.

Bungwe lina linalengeza kuti limangira nyumba anthu osaukitsitsa, ndipo antchito ake adzajambula khomo lililonse. Mayiwa anachita zomwe amachita akamalandira a mphakati wa kutchalitchi. Anazira pansi, anabwereka sofa ndi wayilesi kwa a Mervis oyandikana nawo, a Rafaeli n'kuwaveka jekete. Mng'alu uja anauphimba ndi chitenje chatsopano. Alendo anajambula ndi matabuleti awo n'kumapita.

Wosankha sanali munthu ayi. Inali kompyuta yophunzitsidwa kuzindikira umphawi pazithunzi. Itaona sofa, inati awa zawo zili bwino. Kwa a Mervis inapeza m'nyumba muli mbee, ndipo lero iwo akugona m'nyumba ya simenti. Ndi moni yemwe kwa Mai Petronela analeka kupereka. Ine zimenezi zimandiwawa mpaka pano.

Mai Petronela atapita kukadandaula kuofesi ya bungwelo, anawauza kuti, “Si ife mayi, ndi sisitimu.”

“Ndiye ndionetseni a Sisitimuwo ndiwagwadire,” anatero Mai Petronela. Ofesi yonse inafa nacho chiseko.

Mvula itayandikira kunabwera Shamsa, mtsikana wofufuza mmene makompyuta otere akupwetekera anthu. Anamvetsera bwino, misozi ili lengelenge, foni yake ikujambula mawu. Mai Petronela anamuonetsa mng'alu, anamuonetsa mabala a pamsana pa amuna awo, zinthu zomwe ngakhale abale sanazionepo.

“Nkhani yanu ndi yamphamvu kwambiri, amayi,” anatero Shamsa. “Ikawerengedwa mpaka kunja.”

“Ndiye atimangira mvula isanagwe?”

“Ine ndimangofufuza, zomanga si mbali yanga. Koma musadandaule, dzina lanu ndi dera lino ndisintha. Mulipoti mukhala Maggie wa ku Bangwe, kuti wina asakuzindikireni.”

Mai Petronela anayang'ana khoma, kenako amuna awo.

“Nanga wofuna kutithandiza akatipeza bwanji?”

Shamsa anati limenelo ndi funso labwino kwambiri, ndipo anawapempha alibwereze mokweza chifukwa foni sinalitole bwino.