Mazabodi imene msuweni wanga anandisinthira

Inu owerenga, mpaka lero ndikamva fungo la waya wopsa mtima umandiwawa, ndipo sindikubisirani, ndikadali wokwiya. Ndinaona ndi maso angawa kuti chimene andiikira m'kompyuta si chimene ndinasankha, koma ndinakhala chete. Chifukwa cha zimenezi, munthu wina sanaone nkhope ya amayi ake komaliza.

Ndine mwana wamasiye. Makolo anga anamwalira ndisanayambe sukulu, ndipo anandilera ndi agogo anga akuchikazi kufupi ndi Nsaru. Fizi ya ku sekondale ankandilipirira ndi atsibweni, ndipo sankalola kuti ndiiwale zimenezo. Mwana wokula chonchi amazolowera kuona zinthu n'kuzisunga mumtima. Ndinkadziwa amene waba nkhuku, ndinkadziwa amene akunama pabwalo, koma pakamwa panga pankakhala potseka.

Nditamaliza sukulu ndinatsegula kashopu pa Nsaru, moyandikana ndi chigayo. Ndinkajambula mavidiyo a maukwati, zinkhoswe ndi makwaya. Ntchito inkabwera, koma kompyuta yanga inali yaulesi. Vidiyo ya ukwati inkatuluka akwatiwo atayamba kale kukangana. Ndiye ndinayamba kuwerenga pa foni za mmene ndingapangire kompyuta yothamanga.

Ndinapeza kuti purosesa, kachipangizo kamene kamaganiza m'kompyuta, ukhoza kuithamangitsa kupitirira liwiro limene anaipangira. Anyamata a makompyuta amati ovakiloko. Koma purosesa yothamangitsidwa imamwa magetsi ambiri, ndipo imene imaimwetsa magetsiwo ndi mazabodi, chithabwa chachikulu chija chimene zipangizo zonse zimalumikizidwapo. Pafupi ndi pamene pamakhala purosesa pali tizipangizo tating'ono togawa magetsi. Pa mazabodi yolimba timakhala tambiri, ndipo amatiphimba ndi zitsulo zamizeremizere zomwaza kutentha. Pa yotchipa timakhala towerengeka, pamtunda, topanda chophimba. Zonse ziwiri zikhoza kukulolani kukweza liwiro, koma yopirira ndi imodzi. Kuthamangitsa ng'ombe n'kosavuta, nkhani ndi yakuti ngoloyo ipirira kodi.

Ndinasankha mosamala, poganizira kuti shopu yanga ndi ya malata ndipo chigayo chikangoyaka magetsi amaphethira. Ndinaloweza dzina la mazabodiyo, maonekedwe ake, ngakhale mtundu wa zitsulo zake.

Atsibweni atamva kuti ndikufuna kupita ku Lilongwe kukagula, anati ayi. Mwana wawo Levisoni, msuweni wanga wamkulu, amakonza makompyuta m'tauni, ndipo anati kupita kwa mlendo m'bale alipo n'kunyoza mtundu. Levisoni naye anandiimbira foni akuseka. "Iwe msuweni, ndi nkhope yako ya ku Nsaru ija akakugulitsa wailesi n'kumati ndi kompyuta. Tumiza ndalama kuno, ndikugulira ndine." Ndinamuuza dzina la mazabodi, ndinamutumizira ndi chithunzi chomwe. Anati wamva.

Anabwera nayo kompyuta itamangidwa kale, zomangira zonse zitalimbitsidwa. Pamene ankalumikiza mawaya, ine ndinasuzumira pa timabowo ta m'mbali. Inu owerenga, zitsulo zija panalibe. Tizipangizo togawa magetsi tinali pamtunda, towerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Ndinafunsa kamodzi kokha, motsitsa mawu, ngati imeneyi inalidi ija ndinasankha. Levisoni anatembenukira anyamata amene anadzaza pakhomo kudzaonerera n'kunena kuti, "Mwamumva? Wawerenga pa foni, lero akufuna kuphunzitsa injiniya! Iyi ndi yatsopano kuposa yakoyo, mphwanga." Anthu anaseka. Atsibweni anali pomwepo, atakhala pampando wanga, akundiyang'ana. Ndinameza mawu. Levisoni anakweza liwiro la purosesa, kompyuta inayaka bwinobwino, anthu n'kuwomba m'manja. Ine ndinathokoza. Taganizani, ndinathokoza!

Kunali m'mwezi wa Okutobala, malata akuchita kulira ndi dzuwa. Masiku omwewo m'mudzi woyandikana nafe munamwalira mayi ena achikulire, a Nabanda, amene ankaimba limodzi ndi agogo ku Chigwirizano cha amayi kutchalitchi kwathu. Mwana wawo Fanuweli, amene tinaphunzira naye ku pulayimale, anali ku Joni. Mapepala ake anali osalongosoka, ndipo akanabwera sakanathanso kubwerera kuntchito imene inkadyetsa banja lonse. Anandiimbira akulira. Anati ndijambule zonse, koma makamaka nkhope ya amayi ake asanatseke bokosi.

Akuluakulu a pamaliro analetsa mafoni m'nyumba ya siwa. Anati wojambula alipo, wamutuma ndi mwini maliro, ena onse asunge ulemu. Motero amene analowa ndi kamera ndinali ine ndekha. Ndinajambula nkhope, nyimbo za amayi, ulaliki, ulendo wa kumanda mpaka kuyala nkhata.

Kadi ya kamera ndinali nayo imodzi, ndipo mawa lake ndinali ndi chinkhoswe ku Kabudula. Ndinakopera maliro onse m'kompyuta, ndinatsegula kuona kuti alowadi, kenako ndinafufuta kadi ija n'kukajambulirapo chinkhoswe. Nditabwerako ndinayamba kukonza vidiyo ya Fanuweli. Anali masana, chigayo chikulira. Kompyuta inkathamanga mokondweretsa. Kenako ndinamva fungo, mkati munalira kuti thwa, ndipo chilichonse chinazima. Nditatsegula ndinapeza tizipangizo tija tada bii, mazabodi itatupa ngati chikumba chowauka. Kadisiki kosungira zinthu kanali komatidwa pa mazabodi pomwepo, ndipo nako kanapita.

Ndinanyamula zonse kukwera minibasi ya ku Lilongwe. Sindinapite kwa Levisoni poyamba. Ndinapita kwa wokonza wina amene sankandidziwa. Anayesa kadisiki, anayesa kadi ya kamera, n'kupukusa mutu. Kenako ananyamula mazabodi ija, kuitembenuza, n'kundifunsa kuti ndani anandinamiza kuti imeneyi ingapirire ovakiloko. Anati ndi ya muofesi, yolembera makalata basi.

Kuchoka apo ndinapita kushopu ya Levisoni. Pakona panali kompyuta yotsegula mbali imodzi, anyamata atazungulira akusewera mpira wa pa sikirini. Ndinayang'ana mkati. Zitsulo zamizeremizere zija zinali mmenemo, mtundu womwewo umene ndinaloweza. Mazabodi yanga inali kusangalatsa osewera magemu, pamene ine anandiikira yotsala m'kabati mwake.

Mukuganiza Levisoni anachita manyazi nditamuuza zimene zinachitika? Ayi ndithu. Anati vuto ndi magetsi akumudzi. Anati vuto ndi chigayo. Nditamulozera kompyuta ija anati, "Nanga iwe unaona kuti si yomweyo, bwanji sunalimbikire? Ndiye kuti unavomera, eti?" Mawu amenewa ndi amene amandiwotcha mpaka pano, chifukwa munthu yemwe ananditseka pakamwa pamaso pa anthu ndi yemweyo amene ankandinena kuti ndinakhaliranji chete.

Nkhani itafika kumudzi, atsibweni anabwera ndi Levisoni atanyamula shuga ndi buledi. Anati izi ndi zapachibale, zithere m'nyumba, ndipo mwana amene anamuphunzitsa okha asawachititse manyazi chifukwa cha kachitsulo. Kachitsulo! Za Fanuweli sanatchule n'komwe. Agogo anali kusankha mtedza pakhonde. Anakankha shuga uja ndi phazi mpaka anafika pamapazi pa atsibweni. "Tenga zakozi. Amene ali m'manda uja ndi mnzanga, tinkakhala benchi imodzi. Fizi yakoyo unkalipirira mwana wa mlongo wako, sunkagula kapolo." Atsibweni ananyamuka osatsanzika. Kenako agogo anatembenukira kwa ine. Ndinkayembekeza kuti andipepesa, koma anati, "Nawenso. Ndinakuphunzitsa ulemu, sindinakusoke pakamwa. Muimbire mwana wa eni, umuuze wekha."

Ndinamuimbira Fanuweli. Ndinamuuza zonse osabisa. Kenako anandifunsa kuti amayi ake anawaveka chiyani. Ndinamuuza kuti anawaveka bulauzi yoyera ya Chigwirizano ndi duku loyera, ndipo duku linapendekera pang'ono kumanzere mpaka mlongo wake analikonza. Anafunsa ngati anaonda. Ndinati anaonda, koma nkhope inali yosalala ngati agona masana. Ndinamuuza nyimbo imene amayi anayamba nayo, amene ananyamula bokosi kutsogolo, ndi kuti nkhata ya dzina lake anayala ndi mwana wake wamkazi, atanyamulidwa ndi azakhali ake chifukwa ankaopa kuyandikira manda. Ndinafotokoza mpaka mayunitsi anatha. Iye anandiimbiranso foni, n'kungoti, "Zikomo, achimwene." Akanandinyoza bwenzi zili bwino.

Levisoni sanapepesepo. Mazabodi ndinasankha ija anaibweza patapita nthawi, kudzera kwa kondakitala wa minibasi, itakulungidwa m'nyuzi, fumbi lili thoo. Pamaliro ndi pamaukwati amandipatsabe moni wanthabwala ngati palibe chinachitika, ndipo abale ena amati wovuta ndine, wosunga mangawa.

Inu owerenga, makamaka achinyamata amene mukumanga makompyuta m'mashopu a m'matauni ang'onoang'ono, ndimvereni. Ngati mukufuna kuthamangitsa purosesa, musayambe ndi purosesayo, yambani ndi mazabodi. Musakhutire ndi mawu akuti imalola ovakiloko. Yang'anani pozungulira purosesa, muone ngati tizipangizo togawa magetsi tili tokwanira ndiponso tophimbidwa ndi zitsulo. Kumbukirani kutentha kwa kwanu ndi magetsi a kwanu. Pitani nokha kogula, katoni itsegulidwe muli pomwepo, ndipo kompyuta isamangidwe inu kulibe, ngakhale womangayo akhale m'bale wanu wa magazi. Mukakweza liwiro, iyeseni ndi zinthu zopanda ntchito kaye. Ndipo chinthu cha eni chimene sichingajambulidwenso musachisunge malo amodzi, musafufute kadi ntchito isanaperekedwe.

Koma chachikulu ndi ichi. Mukaona chinthu chalakwika, nenani, ndipo akakusekani nenaninso. Ine ndinaopa kuseka kwa anyamata a pakhomo ndi diso la atsibweni, ndipo amene analipira mantha angawo ndi munthu amene sanalakwe chilichonse.

Mayi anga anaikidwa ndili wamng'ono, ndipo nkhope yawo yomaliza sindiidziwa chifukwa nthawi imeneyo kumudzi kunalibe kamera. Pa maliro a mayi a Fanuweli kamera inalipo, ndipo amene anaigwira ndine.