Sipiliti wa ku Labotale Anadya Maso a Achemwali Anga

Ndine amene ndinachititsa khungu achemwali anga, ndipo mpaka lero mudzi wonse ukudziwa kuti anadzipweteka okha ndi kachasu. Inu owerenga, bodza limeneli landilemera, n'chifukwa chake ndalemba.

Kwa zaka zisanu ndinkagwira ntchito yotsuka mabotolo mu labotale ina ku Lilongwe, kumene ankafufuza mankhwala a m'zitsamba. Ndinkaona akatswiri akusinja makungwa, kuwaviika mu sipiliti woyera ngati madzi, kusefa, kenako kuphwetsa sipilitiyo ndi makina mpaka pansi pa botolo patatsala phala lakuda. Ankati mphamvu ya mtengo ili m'phalalo, ndipo sipiliti amaikoka kuposa madzi. Ine ndinkangoona ndi maso, osafunsa kanthu, koma mumtima ndinali nditadzipatsa kale digiri.

Chaka chimene tinavota koyamba pa zipani zambiri, anatichepetsa pantchito. Pochoka ndinabisa m'chikwama chigubu chimodzi cha sipiliti uja. Nditafika kwathu ku Chezi ndinapeza aliyense akuti zinthu zasintha, ndipo pamsika munthu aliyense wokhala ndi botolo anali dokotala. Inenso anthu anayamba kundiitana kuti adokotala, ndipo sindinakanepo.

Achemwali anga, amayi amasiye a ana atatu, ankasankha fodya pa esiteti ina chakufupi. Maso awo ndiwo ankadyetsa banja. Tsamba limene ena ankaliona lofiira basi, iwo ankalisiyanitsa mitundu inayi, moti kapitawo sankalola kumanga belo iwo asanaone. Vuto lawo linali m'mimba. Azakhali athu ankawaviikira makungwa a muwawani m'madzi ozizira mu mphika wadothi, n'kumawapatsa chikho chimodzi m'mawa. Ankapezako bwino, koma pang'onopang'ono.

Ine ndinaseka mphika uja pamaso pa azakhali. Ndinawauza kuti madzi awo amangonyambita khungwa, mankhwala enieni n'kutsala momwemo. Iwo sanakwiye, anangoti, "Mwana wa achimwene, madzi ndimawadziwa chifukwa ndimamwa. Icho chili m'chigubu mwakomo unachimwapo?"

Ndinasinja makungwa, kuwaviika mu sipiliti masiku atatu, n'kusefa ndi kansalu. Anatuluka madzi ofiira bwino, owawa kuposa a azakhali, ndipo ndinadzitama. Makina ophwetsera ndinalibe, choncho ndinathira m'mbale n'kuika padzuwa kuyambira m'mawa mpaka masana. Fungo litachepa ndinati sipiliti wauluka. Ndinasungunula ndi madzi pang'ono n'kuwapatsa achemwali chikho chodzaza, madzulo chinanso.

M'mawa mwake anadzuka mutu ukuwawa, akusanza. Ine ndinati ndi matenda akutuluka, ndipo ndinawaonjezera theka la chikho. Inu owerenga, theka limeneli ndi limene silindipatsa mtendere. Tsiku lachiwiri ali m'shedi yosankhiramo fodya anandiitanitsa, nandifunsa ngati kunja kwagwa nkhungu. Kunali dzuwa la mwezi wa Meyi, kumwamba kopanda ngakhale kamtambo.

Tinawanyamula panjinga mpaka kuchipatala cha mishoni. Dokotala atangowaunika m'maso anafunsa chimene anamwa. Anafotokoza kuti pali sipiliti wina wonunkha ngati kachasu koma ndi poizoni, amaotcha mitsempha ya maso. Apo ndinazindikira kuti kumuika padzuwa maola ochepa sikumuchotsa yense. Dokotalayo anati wowapatsayo ayenera kukaonekera kupolisi. Achemwali anafufuza dzanja langa, kulifinya, n'kunena kuti, "Ndinagula kachasu kwa munthu wodutsa, adokotala. Sindikumudziwa."

Mayi amene sanalawepo ngakhale masese. Moyo wawo unapulumuka, maso sanabwerere. Ntchito ku esiteti inatha sabata yomweyo, chifukwa fodya sasankha ndi zala zokha. Kumpingo anawaimika, yunifolomu yawo ya amayi a mumpingo anaipinda n'kuiika m'sutikesi. Pachitsime amayi anzawo ankanong'onezana kuti amasiye aja ankamwa mobisa. Zonsezi ndinkazimva, ndipo ndinkangodutsa ndi ulemu wanga wa udokotala. Azakhali okha ndiwo ankadziwa, ndipo anamwalira osalandiranso kanthu kochokera m'manja mwanga.

Amati safunsa anadya phula, koma phula langa anadya ndi wina. Ndimadana ndi mnyamata wodzikuza uja amene ndinali, ndipo ndimadana kwambiri ndi bambo wamantha amene ndakhala.

Inu owerenga, kuona akatswiri akugwira ntchito si kuidziwa ntchitoyo. Chimene munangoonera pambali musachiike m'kamwa mwa munthu, ndipo madzi aliwonse a m'chigubu amene simukudziwa dzina lake musaviikemo mankhwala. Mukalakwa, nenani tsiku lomwelo, wina asanakusenzereni mlandu.

Ine ndinayesa kunena mochedwa. Chaka chatha ndinawauza achemwali kuti Lamulungu ndikaimirira m'tchalitchi n'kuulula zonse. Anali pamkeka akutong'ola chimanga, ndipo sanasiye.

"Mukaulule kuti chibwerere n'chiyani, achimwene?" anatero. "Ndipatseni lichero ilo, muli nalo pafupi ndi inu amene mukuona."