Misana Yathu Inali Timipanda ta Achimwene

Chiperoni chikagwa, fungo la udzu wonyowa limandibwezera kuseri kwa nyumba yathu, kufupi ndi Nkando, chaka chimene achimwene anga a Fatsani anasankhidwa kukathamanga ku Boma. Anali mu Sitandade 8, miyendo yawo italiitali ngati nsungwi. Aphunzitsi anawauza za munthu wina wa ku Girisi amene ankapikisana pa masewera khumi yekhayekha, kuthamanga, kuponya mkondo, kulumpha timipanda. Achimwene anazitenga ngati zawo. Mkondo anasema wa bulugamu, mwala woponya anakatola kumtsinje. Koma timipanda ta kusukulu ankatitsekera mu ofesi.

Ndiye timipanda tinali ife. Amayi akapita kumsika kukagulitsa nandolo, tinkagwada motalikirana m'kanjira ka m'munda wa chinangwa, ine, ana awiri a aneba, ndi kumapeto Yohane, chitsiriza wathu wa zaka zinayi. Ndimakumbukira dothi lozizira m'zikhatho, mapazi akubwera mwaliwiro, kenaka kamphepo pamsana. Sanatigundepo ndi kamodzi komwe. Yohane ankaseka mpaka kugwa cham'mbali. "Achimwene, bwerezani, ine sindinamve," ankatero.

Mpikisano utayandikira, Yohane anatentha thupi. Anakana chakudya, ngakhale nthochi imene ankaikonda. Mmodzi wa ana a aneba aja ndiye anaulula za masewera athu. Amayi sanakalipe. Anakhala pansi pakhonde n'kufunsa motsitsa mawu, "Fatsani, sudziwa kuti mwana akalumphidwa sakula? Unamulumpha kangati?" Akanawerenga ndani?

Kwathu ukalumpha mwana umayenera kumulumphanso chobwerera kuti umumasule. Yohane anamugoneka pamphasa, achimwene n'kumamulumpha chambuyo, pang'onopang'ono, misozi ikugwera pabulangete. Mawa lake anabwereza, mkuja wakenso. Ine ndinkangogwira chitseko. Ndinkafuna kunena kuti inenso anandilumpha ndipo ndili bwinobwino.

Tsiku la mpikisano achimwene anapitadi ku Boma, koma akupalasa njinga, amayi ali pakaliyala, Yohane ali kumsana. Anadutsa pafupi ndi bwalo akumva kherere ndi kukuwa kwa ana asukulu, osatembenuka. Kuchipatala anati ndi malungo, ndipo abwera mochedwa. Yohane sanabwerere kunyumba.

Achimwene sanathamangenso. Lero amapalasa kabaza ku Muloza, ndipo akapeza ngalande, ngakhale yaing'ono, amayenda m'mbali mpaka apeze powolokera. Ine ndinakula ndikukhulupirira kuti Yohane anapita chifukwa cha masewera athu aja. Pano ndikudziwa za udzudzu. Mwana wanga amagona mu neti, ndipo akangotentha thupi ndimamubereka kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Koma ndikamupeza wagona chopingasa pakhomo, ine nditasenza ndowa yodzaza, khosi likuwawa, ndimaima pomwepo n'kudikira kuti adzuke.