Manachesi a Eni Phala

Ndikukumbukira chaka chimene anayamba kutiphikira phala pasukulu yathu, kuseri kwa Matandani, ku Neno. Ndinali mu Sitandade 3. Fungo la soya linkalowa m'kalasi nthawi ya masamu, ndipo aliyense maso ankakhala pakhomo, kapu ili m'manja. Aphunzitsi anatiuza kuti ufawo ankagula ndi anthu a kutsidya kwa nyanja, chifukwa mayiko anapangana kuti mwana asamaphunzire ndi njala.

Ine ndinali mwana wa mafunso. Anatidziwa bwanji anthuwo? Anakawauza ndani kuti kwathu mwezi wa Febuluwale umavuta? Ndinakafunsa mayi anga, ndipo apo ndiye ndinaziputa.

Mayi akalandira ndiwo kwa mnansi, mbale sinkabwerera yopanda kanthu. Atamva kuti ndakhala ndikudya za alendo miyezi itatu popanda zikomo, anagwira pakamwa ndi manyazi. Manachesi atapsa, anathyola okoma okhaokha n'kudzaza kadengu.

"Ukawapatse eni phalawo. Kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana. Akakakana, phala lawolo usadzadyenso."

Ndinachita mantha, pakuti phalalo ndinkalikonda kuposa sukulu imene. Aphunzitsi ataona kadenguko anaseka mpaka misozi, nati eni akewo amakhala kofika pa ndege. Ndinakasungitsa kwa amayi otiphikira masiku awiri, mpaka inabwera lole ya ufa. Ndinagwada pafumbi pamaso pa dalaivala.

"Bambo, kodi eni phalawa mumakumana nawo?"

Anandiyang'ana, n'kuyang'ananso manachesiwo. "Ndikapereka kwa amene amandituma, mwanawe. Iwonso ali nawo owatuma."

Poweruka ndinapeza makoko a manachesi m'mbali mwa msewu, motsatizana mpaka kumtsinje, adakali kununkhira. Zinandiwawa, koma m'mimba namonso munali ndi maganizo ake. Kunyumba ndinangoti, "Alandira." Mayi anakondwa kwambiri, moti chaka chilichonse ankandituma ndi kadengu mpaka ndinamaliza Sitandade 8.

Masiku ano ndimakhala nawo pamisonkhano ya zolinga za chitukuko chokhazikika, kumene mawu oti mgwirizano wa mayiko amatchulidwa mpaka kukhosi kuuma. Ana athu amawaona pa foni anthu a kutsidyawo, sadabwanso. Koma sindinamvepo wina akufunsa chimene ife tingatumize uko. Mayi anamwalira akukhulupirira kuti kutsidya kwa nyanja ali ndi anansi odziwa kukoma kwa manachesi a ku Neno, ndipo ine sindinawauze zoona.