Maungu a Pakhoma

Mukafika pa Chitakale n'kufunsa za a Morris ojambula, aliyense akulozerani. Theka la zikwangwani za pamenepo ndi dzanja lawo: nkhuku ya pa lesitilanti yooneka ngati yangolandira uthenga wa maliro, mitu ya pa babashopu, mavesi a kumbuyo kwa maminibasi. Koma eniake amati zonsezo ndi ganyu chabe. Ntchito yawo yeniyeni, akutero, ndi kujambula maluwa ali m'jagi.

Matendawa anawatengera pa esiteti ya tiyi pomwe anakulira, bambo awo ali khukhi wa bwana. M'khitchini mwa bwanayo munkalendewera kalendala yakale yodzaza zithunzi za maluwa. Dona wa panyumbapo anawauza kuti anajambula ndi anthu a ku Holland zaka mazana anayi zapitazo, ndipo kuti pakati pa maluwa okongolawo ankaikapo dala limodzi lofota, kaya ntchentche, kaya mbozi, kuti munthu wachuma akamayang'ana azikumbukira kuti nayenso adzafota. Basitu, a Morris anagwira pomwepo. Mpaka lero sajambula duwa popanda ntchentche. Nanga ku Mulanje kuno ndani angagule ntchentche yojambula, zamoyo zili mbwee pa butchala?

Anakwatira a Esteri a kufupi ndi Nkando, n'kukakhala chikamwini. Malo a akazi, munda wa akazi, ngakhale mthunzi wa mango wa akazi. Mkamwini amamuonera pa khasu, ndipo a Morris khasu ankaligwira monyengerera ngati burashi. Abale a mkazi ankang'ung'udza chaka ndi chaka, koma a Esteri ankawaikira kumbuyo amuna awo.

Chaka china mu February, nkhokwe itauma, chimanga chisanakhwime, a Morris anaganiza zoti maluwa a azungu awakwana, ajambule akwathu konkuno. A Esteri atapita kuchigayo, iwo analowa m'munda ndi mpeni. Tsono aliyense wokulira m'mudzi amadziwa kuti maluwa a dzungu ali pawiri. Pali chiluwe chimene amathyola n'kuphika, ndiye pali lina lokhala ndi kadzungu kunsi kwake, limene munthu wamutu wabwino salikhudza. A Morris, mwana wa m'nyumba za kampani, anaona kuti a timimba aja ndiwo okongola. Anadula khumi ndi limodzi, n'kuwaimika mu tiipoti yakale imene anaipeza pa shelefu.

A Esteri pobwera anapeza chithunzi chatha, maluwa afota kale, amuna awo akumalizitsa phiko la ntchentche uku akuimba mluzu. Sanakuwe. Anatula ufa, n'kuwerenga timaungu tija kawiri. Amenewo ndiwo maungu amene akanawolotsa banja mpaka chimanga chitacha. Mtima unawapweteka kwambiri, ndipo ulendo uno sanafune kuikira munthu kumbuyo. Anapita kukaitana malume awo, a Isake, mwinimbumba.

A Isake anali atadikira tsiku limeneli zaka zisanu ndi zinayi. Anabwera masana omwewo atavala jekete. Mlandu sunatalike: mkamwini wosalima ankamupirira, koma wokolola maungu akadali maluwa anyamule mphasa yake, aone msewu. Apa a Morris mantha anawagwira zenizeni. Kwawo kunalibe. M'nyumba ya kampani ija munalowa ena kalekale bambo awo atamwalira, ndiponso mkazi wawo ankamukonda.

Pofuna kudziteteza anathamangira m'nyumba n'kutulutsa chithunzi chija. Abale inu, munthu kubweretsa yekha mboni yomumangitsa! A Isake anayamba kuloza ndi chala kadzungu kamodzikamodzi, mudzi wonse ukuwerengera limodzi. Kawiri konse anakupiza dzanja kuingitsa ntchentche ija, kenaka anazindikira n'kukwiya koposa. A Morris anafotokoza za ku Holland, za duwa lofota, zoti chilichonse chimatha koma chojambulidwa chimakhala.

"Maungu angawo akanathanso, bambo a Janeti," anatero a Esteri, "koma akanathera m'mimba mwa ana anu."

A Isake anati mawu omaliza anene mwini munda. A Esteri anatenga chithunzicho kuti achiponye kudzala, koma anaima. Tiipoti ija inali ya malemu amayi awo. A Morris anali ataijambula yonse monga inalili: mlomo wobenthuka, utoto wosupuka, ndi kawaya kamene mayiwo anamangira chogwirira ndi manja awo, kopota katatu n'kupindira mkati kuti kasabaye mwana. A Esteri anali ataigwira tiipotiyo tsiku ndi tsiku osakaonanso kawayako. Anatembenukira kwa a Isake, misozi ili m'maso.

"Malume, asiyeni," anatero. "Maso ali nawo. Chimene alibe ndi nzeru, ndipo m'munda mwanga sadzapondamonso okha."

A Isake anachoka akutukwana Holland yense ndi ntchentche zake. Chaka chimenecho banja linadyadi kamodzi pa tsiku mpaka April, ndipo a Morris amakumbutsidwa zimenezi pa maliro ndi pa ukwati pomwe.

Papita zaka makumi awiri tsopano. Chithunzi chili pakhoma pabalaza, ndipo mlendo akayamikira maluwawo, a Esteri amamuwongola kuti si maluwa, ndi maungu awo khumi ndi limodzi. Koma February aliyense amapita okha kumunda m'mamawa, amathyola chiluwe, n'kuchiimika mu tiipoti ija patsogolo pa amuna awo. Akatero amasinja nsinjiro, n'kutereka mphika. A Morris, imvi zili mbuu, magalasi ali pamphuno, amayamba kusakaniza penti mwachifatse ngati ali ndi tsiku lonse, mpaka mawu atuluke kukhitchini.

"Jambulani msanga, bambo a Janeti. Madzi awira."