Jekete la Munthu wa ku Nathenje

Pa Mitundu palibe amene sawadziwa a Efulemu atelala, aja amasokera pakhonde la golosale moyang'anana ndi msika. Anayamba kusoka ali mnyamata, pa makina opalasa ndi mapazi, ndipo ana ambiri a kuno analowa sukulu atavala yunifomu ya m'manja mwawo. Ndi munthu wosalankhulalankhula. Mukawapatsa moni amayankha mapini ali kukamwa.

Mwana wawo wa ku Joni atawatumizira makina a magetsi, anthu anati mdalayo wapuma. Anapumadi. Phazi limene linkapalasa tsiku lonse linkangodina pang'ono, makina n'kumathamanga okha. Mimba inayamba kutsogola. Pofika masika a chaka chatha miyendo inali itatupa moti nsapato anazisiya, n'kumavala patapata wa akazi awo, a Maness.

Kuchipatala anawauza kuti magazi awo akuthamanga kwambiri. Anawapatsa mapiritsi, koma namwino ananenetsa kuti mapiritsi okha sangam'thandize munthu wongokhala. Anati aziyenda m'mawa uliwonse mpaka thukuta lituluke, apo ayi tsiku lina adzagwera pa makina pomwepo. A Efulemu anafunsa kuti aziyenda kupita kuti. Namwino anaseka, nati kulikonse.

Kulikonse kuja ndiye kunavuta. Kuno munthu wamkulu sayenda chabe. Amapita kumunda, kuchigayo, kumaliro, m'manja muli khasu kapena jumbo. A Efulemu ankatuluka mame asanaume, manja ali lendee, n'kutsata kanjira ka m'minda. Chimanga chinali chitadulidwa, chitaimikidwa m'mikukwe kuti chiume. Aliyense wokumana nawo ankafunsa kuti mwalowera kuti, iwo n'kuyankha kuti ndikungoyenda. Wofunsayo ankaima n'kumawayang'ana mpaka atakhota.

Sipanatenge nthawi, kumjigo kunamveka kuti atelala akuzungulira minda ya anthu. Ena anati akusonyeza akuba njira. Ena anati ayi, ndi mankhwala okokera zokolola za anzawo, munthu wopanda munda waukulu anganenepe chonchija ndi chiyani? Kenaka kumunda kwa a Luka, kutsidya kwa dambo, mikukwe ina inapezeka itasanduka mapesi okhaokha.

A Luka ndi msuweni wa a Efulemu, ndipo awiriwa amanyozana kuyambira kale. Koma tsiku limenelo anafika pakhonde nkhope ili gwa, pamaso pa makasitomala.

"Asuweni, tepi yanuyo mwayamba kuyezera minda? Wanga mwaupeza ndi saizi yanji?"

Anthu anaseka, a Luka osaseka. A Efulemu anangolavulira mapini m'manja. M'mawa mwake sanatuluke, mkuja wake chimodzimodzi. Anati bola miyendo itupe kusiyana ndi kutchedwa wakuba atamera imvi. Miyendo inamva, inatupadi.

A Maness sanakangane nawo. Anangotsegula thumba lija telala aliyense amakhala nalo, la zovala zimene eni ake sanabwere kudzatenga, n'kusolola jekete lakuda. Linali la Mavuto, tenanti wa pa esiteti ya fodya, amene analisiya kuti aliike zipi, n'kusowa. Zomwe ankadziwa n'zakuti anasamukira cha ku Nathenje. A Maness analisita, n'kuliika m'jumbo yoonekera mkati.

"Bambo a Lydia, chisanu chayandikira. Mwini wake wa jeketeli akunjenjemera kwinakwake. Kam'patseni."

A Efulemu anati Nathenje ndi dera lalikulu, angathe mwezi asanam'peze. Akazi awo anati zimenezo n'zimene akufuna.

Zodabwitsa, njira inali yomweyo, munthu yemweyo, koma tsopano ofunsa ankakhutira. Akangokweza jumbo ija n'kunena kuti akukapereka jekete kwa mwini wake, anthu ankagwedeza mutu, ena n'kuwayamikira kuti atelala okhulupirika chonchi anatha. Ena ankawalozera njira, aliyense kwake. A Efulemu ankatsata iliyonse, dzuwa likakwera n'kubwerera kukasoka.

Ankabwera chisoso chili mbwee m'thalauza, pakamwa pali nkhani. Munthu uja wosalankhula anayamba kusimba: zakuti kuseri kwa phiri la Bunda anthu amakumba mtedza mochedwa kuposa kuno, zakuti ng'ombe za pangolo zimadziwa zokha pokhota, zakuti pali mudzi wina kumene ana onse avala yunifomu zosokedwa mopotoka kolala, ndipo akufuna atamuona telala wake. Msuzi wothira mchere pang'ono, umene ankaudandaula, anayamba kuumwa osayang'ana. Lamlungu lina anapita kutchalitchi atavala nsapato.

Apa m'pamene anayamba kuopa kum'peza Mavuto. Akafunsa, ankafunsa motsitsa mawu. Koma mayi wina wogulitsa mbatata m'mbali mwa msewu anamva, nati amam'dziwa bwino, amagulitsa makala pafupi ndi msika wa Nathenje. Ananena izi pagulu, ndiye panalibenso pothawira.

Loweruka analawira, akazi awo atawamangira mbatata yootcha ndi botolo la madzi. Anayenda mtunda wonsewo wapansi, akupuma pansi pa mitengo ya mango, mphepo ya mwera ikuwaomba kumaso. Anam'peza Mavuto atadzikulunga chitenje cha mkazi wake. Iye anali ataiwala zoti ali ndi jekete. Analivala, nakoka zipi mpaka m'khosi, kutsitsa, kukokanso, akungoseka. Anafunsa ngati abwereradi zimenezi zokha kuchokera ku Mitundu. A Efulemu anati eya, koma mtima unali pa jumbo imene inatsala yopanda kanthu. Pobwerera anakwera kabaza, manja atawabisa m'thumba.

Lolemba a Luka anatulukira pakhonde. Akuba chimanga aja anali atagwidwa kale, anyamata a m'mudzi mwawo momwemo, koma a Luka sanatchule zimenezo. Anaponya thalauza long'ambika pa makina.

"Asuweni, ine ndili pa kutonola chimanga, nthawi yodzatenga ndilibe. Mubweretse nokha kwathu. Mudzere kumunda kwanga, n'kozungulira bwino."

A Efulemu analitembenuza thalauzalo, nati chigamba chake n'chovuta, chitenga nthawi. A Luka anati asathamange nalo, ali ndi lina.

Analisoka tsiku lomwelo. Chisanu chinatha, mvula inagwa, chimanga china chili m'mikukwe tsopano. Mukalawira kumjigo mudzawaona a Efulemu akutsetsereka kudambo, nsapato kumapazi, thalauza la a Luka lili m'jumbo. Amafika mpaka pakhomo pa msuweni wawoyo, kupatsana moni, kunyozana pang'ono, n'kubwerera nalo.